Kumanga ndi Kugwiritsa Ntchito Nyanga za Kumapeto kwa Handulo pa Njinga ya M'mapiri

Pa ulendo wautali wa njinga ya m'mapiri, manja ndiwo amayamba kutopa miyendo isanafooke. Handulo yowongoka ili ndi malo amodzi okha ogwira, choncho zikhatho zimakhala zitayang'ana pansi kuyambira ponyamuka mpaka pofika, ndipo kulemera kwa thupi kumatsamira pa kachigawo kamodzimodziko ka dzanja kwa maola ambiri. Pamenepo ndi pamene pamadutsa mtsempha umene madokotala amautcha ulnar, ndipo ukapanikizika kwa nthawi yaitali, kachala kakang'ono ndi chala choyandikana nacho zimachita dzanzi. Nyanga ziwiri zazifupi zomangidwa kumapeto kwa handulo, zimene ogulitsa zipangizo za njinga amazitcha bar ends, zimapatsa dzanja malo achiwiri ogwira, pomwe zikhatho zimayang'anizana monga zimakhalira popereka moni wa chanza. Dzanja likakhala chotero, mfundo yake imawongoka, zigongono zimabwerera kufupi ndi nthiti, ndipo mapewa amamasuka.

Masewera opalasa njinga m'mapiri monga tikuwadziwira lero anakulira ku Marin County, m'chigawo cha California ku America, m'zaka za m'ma 1970. Anyamata ngati Joe Breeze, Gary Fisher ndi Charlie Kelly ankatenga njinga zakale zolemera, zambiri mwa izo za kampani ya Schwinn, n'kumatsika nazo mwaliwiro m'misewu ya fumbi ya kufupi ndi phiri la Tamalpais. Mpikisano wawo wotchuka wa Repack, umene unayamba mu 1976, unali wongotsika basi, moti nyanga zinalibe ntchito kumeneko. Zinadzafunika pambuyo pake, njinga ngati Stumpjumper ya kampani ya Specialized, yomwe inatuluka mu 1981, zitafika kwa anthu ambiri, ndipo mipikisano itatembenukira ku cross-country, kumene wopalasa amathera nthawi yambiri akukwera zitunda. Mpikisano woyamba wa dziko lonse lapansi pansi pa bungwe la UCI, loyang'anira masewera a njinga padziko lonse, unachitikira ku Durango, m'chigawo cha Colorado, mu 1990, ndipo Ned Overend ndi Juli Furtado ndiwo anapambana pa cross-country. Mu 1996 masewerawa analowa m'mipikisano ya Olimpiki ku Atlanta, komwe Bart Brentjens wa ku Netherlands ndi Paola Pezzo wa ku Italy anatenga mendulo za golide. M'zaka zimenezo mahandulo anali aafupi, ambiri a mamilimita 560 mpaka 580, ena n'kumawadulanso kuti adutse bwino pakati pa mitengo, ndipo nyanga, makamaka za kampani ya Onza, zinkaoneka pafupifupi pa njinga iliyonse ya mpikisano.

Kenako zinayamba kusowa. Mahandulo okwera kumapeto atatchuka, pakati pa opalasa panabuka lamulo losalembedwa lakuti nyanga ndi handulo yokwera siziyendera limodzi, ndipo amene waziphatikiza ankamuseka. Lamulo limenelo linali la maonekedwe chabe. Koma panalinso chifukwa chenicheni: njinga zitakhala ndi masipuling'i abwino kutsogolo ndi kumbuyo, anthu anayamba kukonda tinjira tamiyala ndi totsetsereka kwambiri, mahandulo anatalika mpaka kufika mamilimita 740 kapena 800, ndipo handulo yaitali payokha imapereka kale mphamvu yopendeketsera njinga imene kale inkachokera ku nyanga. Maganizo anga ndi akuti chifukwa chachiwirichi n'choyenera kuchimvera, koma choyambacho sichiyenera kuletsa munthu amene manja ake akuchita dzanzi.

Yambani ndi njira zimene mumayenda

Musanagule kanthu, kumbukirani maulendo anu a masabata angapo apitawa ndipo muone kumene nthawi yanu yambiri inathera. Ngati inathera pa zitunda zazitali, m'misewu ya miyala ndi ya fumbi, kapena pa maulendo a tsiku lonse mutanyamula katundu, nyanga zidzakuthandizani kwambiri. Ngati inathera m'tinjira topapatiza ta m'nkhalango momwe nthambi ndi ziyangoyango zimakhudza mikono, kapena potsika mothamanga ndi kudumpha, zisiyeni. Nyanga ikakola nthambi, handulo imakhota mwadzidzidzi ndipo wopalasa amagwa asanadziwe n'komwe chimene chachitika. Pogwa, nyanga yoloza m'mwamba ikhozanso kulasa m'mimba kapena m'nthiti.

Onetsetsaninso kuti dzanzi lanu silikuchokera kwina. Chishalo choweramira kutsogolo chimakankhira thupi lonse pa manja, ndipo handulo yotsika kwambiri kapena yotalikira imachita chimodzimodzi. Konzani zimenezo poyamba, chifukwa nyanga sizingachotse kulemera kumene chishalo chikuponya kutsogolo.

Yang'anani handulo yanu

Gawo ili ndi limene ambiri amalidumpha, chonsecho ndi limene lingawononge handulo. Mbali ya handulo imene timagwira ndi yonenepa mamilimita 22.2 pa njinga za m'mapiri pafupifupi zonse, ngakhale pakati pake, pomwe imamangidwira, pamasiyana: pali za 25.4, za 31.8 ndi za 35. Nyanga zimapangidwira muyezo wa 22.2, choncho za kunenepa kwa pakati musadandaule nazo. Chofunika kudziwa ndi chimene handuloyo inapangidwira komanso kuchindikala kwa khoma lake kumapeto.

Handulo ya chitsulo kapena ya aluminiyamu wamba imalandira nyanga popanda vuto. Ya aluminiyamu yopepuka kwambiri imakhala ndi khoma lopyapyala, ndipo chopanira cha nyanga chikhoza kuiphwanya kumapeto, makamaka njinga ikagwera mbali imeneyo. Ya kaboni (carbon fibre, ulusi wolimba wopepuka womatidwa ndi ulimbo) ndiyo yofunika kusamala nayo koposa, chifukwa kaboni sapindika n'kukuchenjezani monga chimachitira chitsulo. Amang'ambika m'kati mosaoneka n'kudzathyoka tsiku lina muli pa liwiro. Opanga ena amalimbitsa mapeto a mahandulo awo a kaboni kuti alandire nyanga, ena amaletseratu, ndipo ena amalola pokhapokha mutalowetsa m'kati mwa paipi chotsekera cholimba chochirikiza khoma. Werengani malangizo a kampani imene inapanga handulo yanu, ndipo ngati sakunena momveka kuti nyanga n'zololedwa, musazimange. Ngati handulo ya kaboni inadulidwapo kale kuti ifupike, dziwani kuti mwina mbali yolimbitsidwayo inapita ndi chidutswa chimene chinatayidwa.

Kenako yesani malo. Chopanira cha nyanga iliyonse chimadya mamilimita pafupifupi 15 mpaka 20, choncho chogwirira, chokokera mabuleki ndi chosinthira magiya ziyenera kusunthira m'kati ndi muyezo womwewo. Pa handulo yokwera, onani ngati mbali yowongoka ikukwanira, popeza chokokera mabuleki sichiyenera kumangidwa pomwe paipi yayamba kupindika kapena kunenepa. Kumbukiraninso kuti manja anu adzayandikirana ndi mamilimita 30 mpaka 40. Pa handulo yaitali simungazimve, koma pa yaifupi mudzazimva potsika.

Kusankha nyanga

Nyanga zazifupi zowongoka, zongokwanira zala ziwiri kapena zitatu, n'zopepuka ndipo sizikola zinthu kawirikawiri. Izi ndi zimene ndingalangize munthu amene amasakaniza misewu ndi tinjira. Zazitali zokhota ngati chilembo cha L zimapereka malo ogwira awiri kapena atatu, ndipo kukhota kwake kumatchinjiriza zala, koma ndi zimenenso zimakola kwambiri nthambi ikalowa m'kati. Zimayenera maulendo ataliatali a m'misewu yotakasuka. Pali zina, monga Ergo Control za kampani ya Cane Creek, zimene zimatulukira kutsogolo ndi kumbuyo komwe kwa handulo, moti chikhatho chimakhala pamwamba penipeni pa mapeto a paipi. Palinso zogwirira zobwera ndi nyanga zake kale, monga zina za m'gulu la GP za kampani ya Ergon ya ku Germany, zimene zili ndi phiko lotambalala lochirikiza chikhatho. Kwa munthu amene vuto lake lalikulu ndi dzanzi, zoterezi zimathetsa mavuto awiri nthawi imodzi ndipo zimapeputsa ntchito yomanga.

Nyanga ya chitsulo chosalala imaterera dzanja likatuluka thukuta ndipo imazizira kukazizira. Sankhani yokutidwa ndi mphira, kapena ikulungeni ndi tepi ya mahandulo a njinga za pamsewu. Musanagule, lowetsani chala m'kati mwa chopanira kuti mumve ngati muli m'mphepete mokhakhala kapena mwakuthwa, chifukwa zimenezo zimakanda handulo, ndipo ming'alu imayambira pokandikapo.

Kumanga

Konzani ma Allen key (tizitsulo ta ngodya zisanu ndi imodzi tomasulira mabawuti), kawirikawiri a mamilimita 3, 4 ndi 5, tepi yoyezera, mpeni wakuthwa, sipiriti, nsalu yoyera, zotsekera mapeto a handulo, komanso torque wrench, yomwe ndi sipanala yoyeza mphamvu yomangira bawuti. Pa handulo ya kaboni sipanala imeneyi ndi yosasoweka. Imikani njinga mowongoka pamalo athyathyathya, matayala onse ali pansi, chifukwa mudzafunika kukhala pa chishalo poyesa.

Musanamasule chilichonse, jambulani handulo kuchokera m'mbali ndi pamwamba, kapena ikani chizindikiro ndi katepi pomwe chokokera mabuleki chili, kuti mudzabwezeretse kupendekeka kwake. Mukatero, masulani mabawuti a chokokera mabuleki, chosinthira magiya, belu ndi china chilichonse chomangidwa pa handulo, n'kuzikankhira m'kati kuposa muyezo wofunikira kuti mupeze malo ogwirira ntchito.

Tsopano bwerani ku zogwirira. Ngati ndi zomanga ndi bawuti ndipo n'zotseguka kumapeto, zimasuleni n'kuzikankhira m'kati. Ngati ndi zomanga ndi bawuti koma kumapeto n'kotsekedwa ndi pulasitiki wolimba wolumikizana ndi chogwiriracho, sizingasunthe, ndipo muyenera kugula zina zotseguka. Ngati ndi za mphira zongolowetsa, tukulani m'mphepete mwake ndi kanthu kosakanda, monga kapulasitiki kopyapyala, thirani sipiriti pang'ono m'kati, ndipo muzipotokole mpaka zitayamba kuterereka. Musathire mafuta a mtundu uliwonse, chifukwa sauma, ndipo chogwirira chidzazungulira m'manja mwanu muli paulendo. Mphira yotsekedwa kumapeto ichotseni pa handulo kaye, kenako muidule ndi mpeni mowongoka. Kuidulira pa handulo pomwepo kumasiya mzere wokandika kuzungulira paipi yonse, ndipo pa kaboni mzere wotere ndi woopsa. Pukutani handulo, nyowetsani m'kati mwa chogwirira ndi sipiriti, chilowetseni mwamsanga mpaka kumapeto kutatsala malo ofanana ndendende ndi m'lifupi mwa chopanira cha nyanga. Sipiriti akauma, mphira imagwira yokha.

Amene ali ndi manja aang'ono angasankhe kufupikitsa chogwirira cha mphira m'malo mosuntha mabuleki, popeza zogwirira zambiri ndi zotalika mamilimita pafupifupi 130 ndipo sizidzaza m'dzanja la aliyense. Njira imeneyi imathandiza pa handulo yokwera yomwe ilibe malo okwanira.

Nyanga zambiri zili ndi ya kumanja ndi ya kumanzere, zolembedwa R ndi L. Ngati palibe zilembo, dziwani kuti zimakhotera m'kati, kuloza ku tayala la kutsogolo, ndipo mitu ya mabawuti nthawi zambiri imakhala pansi, komwe singakhudze chikhatho. Masulani bawuti mokwanira kuti chopanira chilowe chokha popanda kuchipotokola kapena kuchimenya. Paipi ya handulo iyenera kudutsa m'chopanira chonse mpaka kulingana ndi m'mphepete mwake mwa kunja. Chopanira chogwira theka lokha chimaunjika mphamvu yonse pamalo aang'ono, ndipo chikhoza kuphwanya paipi kapena kusolotoka mukachikoka pa chitunda. Pa kaboni, pakani pang'ono phala lake lomangira zipangizo za kaboni, lomwe lili ndi timchenga tothandiza kugwira popanda kumanga kwambiri. Mangani bawuti pang'ono chabe, mongokwanira kuti nyanga isagwe yokha koma izitheka kuisuntha ndi dzanja.

Kupendekeka kwake

Apa ndi pamene nyanga imakhalira yothandiza kapena yosautsa, choncho musafulumire. Yambani nyanga zitaloza kutsogolo, zitakwera pang'ono kuchokera pa mzere wolingana ndi nthaka, pakati pa madigiri 15 ndi 45. Khalani pa chishalo, wina akugwirireni njinga kapena tsamirani khoma, ikani mapazi pa mapedulo, ndipo gwirani nyanga mosaumirira. Yang'anani mfundo ya dzanja lanu kuchokera m'mbali. Mkono ndi dzanja ziyenera kupanga mzere umodzi wowongoka. Ngati dzanja lapindikira pansi, cha ku kachala kakang'ono, nyanga yagona kwambiri, ikwezeni. Ngati lapindikira m'mwamba, cha ku chala chachikulu, yaimirira kwambiri, itsitseni.

Kenako imirirani pa mapedulo monga mumachitira pokwera chitunda, thupi litabwera kutsogolo. Mudzaona kuti poimirira mikono imatsika molunjika, ndipo nyanga imene inali bwino mutakhala tsopano ikuoneka yokwera kwambiri. Palibe kupendekeka kumene kungakhutiritse zonse ziwiri, choncho sankhani malinga ndi ntchito imene mukuzifunira. Amene akuzifunira kukwera zitunda ataimirira azigoneke, kufupi ndi madigiri 15 kapena 20. Amene akuzifunira kupumitsa manja atakhala pa chishalo azikweze, cha ku 30 kapena 45. Musaziimike chilili kuloza kumwamba kapena kuzibweza kuloza kwa inu, ngakhale ena amatero pofuna kukhala mowongoka. Zikakhala choncho manja amatalikirana kwambiri ndi mabuleki, kulemera kumachoka pa tayala la kutsogolo, ndipo pogwa mumagwera pa nsonga zake. Ngati mukufuna kukhala mowongoka, kwezani handulo yeniyeniyo.

Mukakhutira ndi mbali imodzi, linganizani inayo. Goneketsani ndodo yowongoka pamwamba pa nsonga zonse ziwiri, imani kutsogolo kwa njinga, ndipo muone ngati ndodoyo ikuyenda molingana ndi handulo. Diso lokha limanama, koma mapewa adzakuuzani pakatha ola limodzi ngati nyanga imodzi yakwera kuposa inzake.

Tsopano mangani mabawuti. Muyezo wa mphamvu umalembedwa pa chopanira kapena m'pepala la malangizo, ndipo kawirikawiri umakhala pakati pa 4 ndi 6 Nm (newton-mita, muyezo umene torque wrench imawerenga). Ngati wopanga handulo wapereka muyezo wocheperapo kuposa wa nyanga, tsatirani wocheperawo. Amene alibe torque wrench ndipo handulo yake ndi ya chitsulo kapena ya aluminiyamu amange pang'onopang'ono, akuyesa kukankha nyanga ndi dzanja pakati pa kupotokola kulikonse, ndipo alekere pomwe yasiya kusuntha ataitsamira ndi thupi lonse. Mpata wa pa chopanira suyenera kutsekeka mpaka mbali zake kukhudzana. Zikakhudzana nyanga ikadali kusuntha, ndiye kuti chopaniracho n'chachikulu kapena paipi yaphwanyika, ndipo kumanga kopitirira kungodula bawuti.

Bwezeretsani zokokera mabuleki ndi zosinthira magiya pafupi ndi chogwirira, pa mtunda ndi kupendekeka kumene zinali poyamba, ndipo onani kuti chala chanu cholozera chikufika pa nsonga ya chokokera. Kokani mabuleki mpaka kumapeto kuti muone ngati nsonga ya chokokera sikugunda nyanga. Khotetsani handulo mbali zonse ziwiri mpaka pomalizira, mukuyang'ana ngati mawaya ndi timapaipi ta mabuleki sizikukokeka kapena kupindika. Pomaliza tsekani mabowo a kumapeto kwa handulo, komanso a kunsonga kwa nyanga ngati ndi otseguka. Paipi yotseguka imaboola mnofu munthu akaigwera, ndipo n'chifukwa chake okonza mipikisano salola njinga yopanda zotsekera kuyamba nawo.

Kuzolowera pa njira

Ulendo woyamba ukhale pamalo athyathyathya opanda magalimoto, Allen key ili m'thumba. Yesani kusamutsa manja kuchokera pa nyanga kubwerera ku mabuleki mobwerezabwereza mpaka zizichitika osayang'ana pansi. Chizolowezi chimenechi ndicho chofunika koposa, popeza dzanja likakhala pa nyanga silingathe kukoka buleki kapena kusintha giya. Motero sinthani giya musanafike pa chitunda, kenako n'kusamukira pa nyanga, ndipo bwererani pa zogwirira musanafike pamwamba pomwe njira iyambe kutsika.

Pa chitunda chotsetsereka kwambiri, tayala la kutsogolo limakonda kunyamuka ndi kuyendayenda. Kugwira nyanga kumabweretsa manja kutsogolo ndi masentimita angapo, thupi limatsatira, ndipo tayalalo limakhazikika pansi. Khalani kunsonga kwa chishalo, tsitsani chifuwa, ndipo muzikokera nyanga kumbuyo ndi pansi, cha ku chiuno, m'malo mozikokera m'mwamba. Mukaimirira, pendeketsani njinga uku ndi uku, dzanja la kumanja likukoka pamene phazi la kumanja likuponda, ndipo mudzamva kuti minofu ya m'mikono ndi ya kumsana ikugwira nawo ntchito mosavuta kuposa pa handulo yowongoka. Samalani pa dothi losalimba ndi pa timiyala, chifukwa mukapita kutsogolo kwambiri tayala la kumbuyo limapepukidwa n'kuyamba kuzungulira pamalo amodzi. Zikatero bwezani chiuno kumbuyo pang'ono kapena khalani pansi.

Pa msewu wautali wosalala, musadikire dzanzi kuti musinthe kagwiridwe. Sinthani pafupipafupi, nthawi zina kugwira nyanga yonse, nthawi zina kungotsamiritsa chikhatho pangodya pomwe nyanga ikumana ndi chogwirira. Potsika, pokhota, pamiyala, pakati pa magalimoto, komanso mukamapalasa moyandikana ndi anzanu, manja akhale pa zogwirira, zala zili pa mabuleki. Pagulu siyaninso mpata wokulirapo m'mbali, chifukwa nyanga ikhoza kukola handulo kapena lamba wa chikwama cha mnzanu.

Amene handulo yake ndi yaitali, mamilimita 760 kapena kuposa, angapeze kuti nyanga za kumapeto zimatambasula mikono mopitirira. Kwa oterewa pali nyanga zomangidwa m'kati, pakati pa chogwirira ndi chokokera mabuleki, monga Innerbarends za kampani ya SQlab. Zimaika manja pafupifupi molingana ndi mapewa, zimachepetsa mphepo yowomba pachifuwa, sizikola nthambi, ndipo chala chimatha kufikira buleki, ngakhale mphamvu yake siikhala yonse. Pokwera mutaimirira sizithandiza ngati za kumapeto. Kamangidwe kake n'kofanana, kungoti chogwirira chimachotsedwa kaye n'kubwezeredwa pamalo ake akale, ndipo chokokera mabuleki chokha ndicho chimasunthira m'kati. Amene akufuna kulowa nazo mumpikisano awerenge malamulo ake kaye, popeza nyanga za m'kati ndi za kumapeto siziwerengedwa mofanana.

Yesaninso mabawuti mukabwerako ku ulendo woyamba, ndipo muziwayang'ana nthawi iliyonse mukamakonza njinga. Njinga ikagwa n'kumenyetsa nyanga pansi, musangoiwongola n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Mukafika, imasuleni, ichotseni, pukutani paipi, ndipo muyang'ane pomwe panali chopanira pamalo owala bwino. Pa aluminiyamu funafunani malo olowa m'kati kapena mng'alu woonda ngati tsitsi, ndipo pa kaboni funafunani malo otuwa, otupa kapena ofewa mukawasindikiza ndi chala. Ngati kuwonongekako kuli kumapeto kwenikweni kwa handulo ya aluminiyamu, mungadule mamilimita ochepa mbali zonse ziwiri mofanana, kusalaza m'mphepete ndi tupa, n'kumanganso. Ngati handuloyo ndi ya kaboni, isintheni.